Botolo la madzi pazenera: afiti a pa TikTok ndi mwezi wawo

Kanemayo satha ndi mphindi imodzi yomwe.

Mtsikana wa zaka za m'ma 20, ndolo za kamwezi zikulendewera m'makutu, watsuka botolo lomwe munali jamu. Wathiramo madzi a pampopi, watseka. Wang'amba kapepala n'kulembapo zomwe akufuna zimuchoke: ngongole, mantha, mnyamata yemwe adamusiya. Kapepalako wakayatsa pa kandulo, phulusa lagwera m'kambale.

Kenako wanyamula botolo lija n'kuliika pazenera.

Kunja mwezi wathunthu uli phwii pamwamba pa madenga a nyumba zanjerwa za ku England.

Botololo ligona pomwepo. Alichotsa m'mamawa dzuwa lisanaliwombe, ndipo kuyambira pamenepo sadzawatchanso madzi a pampopi. Ndi madzi a mwezi. Ena amamwa, ena amathira m'madzi osamba, ena amathirira maluwa kapena kupukutira chitseko kuti tsoka lisalowe.

Usiku womwewo, mabotolo otere amakhala ali ndandanda m'mazenera a ku London, Toronto, New York ndi Sydney. Eni ake sadziwana. Adakumana pa TikTok, pansi pa dzina loti WitchTok, pomwe makanema awo aonedwa kambirimbiri, chiwerengero chake m'mabiliyoni.

Amadzitcha afiti. Sabisa, amachita kunyadira.

Koma tiyambe tamvana. Awa si omwe timawanong'ona kwathu kuno, oti amauluka pa lichero kapena kufukula manda. Pa guwa lawo mupezapo makandulo, lubani, mchere, masamba ouma, timiyala tonyezimira ndi makadi oombezera. Ambiri ndi atsikana ndi amayi apantchito kapena apasukulu. Ndipo pa chilichonse chomwe agwira, zithunzi ziwiri sizisowa: mwezi ndi dzuwa.

Miyezi itatu pa mkanda umodzi

Chizindikiro chomwe chimaoneka kwambiri ndi cha miyezi itatu yogundana. Kumanzere kamwezi kongooneka kumene, pakati mwezi wathunthu, kumanja kamwezi kopita kumdima.

Chili pa mikanda, pa mphete, pa makapu, pa zikwama za foni. Ena adachijambulitsa pakhungu, pamkono kapena kumbuyo kwa khosi.

Kwa iwo chimaimira mulungu wamkazi wa nkhope zitatu. Kamwezi kokula ndi namwali. Mwezi wathunthu ndi ntchembere, mayi wobereka ndi kuyamwitsa. Kamwezi kotha ndi nkhalamba, gogo wodziwa mankhwala yemwe saopanso imfa.

Kuchokera pamenepa mpomwe pamabwera ndondomeko ya ntchito zawo.

Mwezi ukangooneka, amati ndi nthawi yolemba zofuna: ntchito, nyumba, banja. Ukamakula, amachita miyambo yoitana zabwino. Ukafika pathunthu mphamvu akuti zafika pachimake, ndiye timiyala tija amatiyala pabwalo kapena pazenera kuti "tidye" kuwalako. Ukayamba kuchepa ndi nyengo yothamangitsa: kusiya fodya, kudula chibwenzi choipa, kuchotsa minyama. Ukalowa mumdima, ambiri amapuma.

Pakatha masiku 29 ndi theka, zonse zimayambiranso.

Apa mpomwe pagona chinsinsi cha kufala kwake. Chipembedzo ichi chilibe kachisi, chilibe m'busa, chilibe Lamulungu. Ambiri mwa achinyamatawa sadakhalepo m'gulu la afiti anzawo maso ndi maso. Ndiye mwezi umagwira ntchito ya belu la tchalitchi: ukafika pathunthu, aliyense komwe ali amadziwa kuti anzake nawonso ayatsa kandulo.

Ndipo pa foni, chinthu chobwerabwera mwezi ndi mwezi ndi chuma. Wopanga makanema sasowa chonena. Lero akuphunzitsa za Mwezi wa Mmbulu wa mu Januwale, mawa za Mwezi wa Sitiroberi wa mu Juni. Maina amenewa adafalitsidwa ndi mabuku a alimi a ku America, omwe ankati adawatenga kwa eni nthaka a kumeneko. Nalo dzina loti supermoon, lomwe nyuzipepala zimalikonda, silidachokere kwa asayansi. Adalipeka ndi munthu woombeza ndi nyenyezi, Richard Nolle, mu 1979.

Zachikale zomwe si zakale

Mukawamvera ambiri mwa iwo, mumva zoti miyamboyi ndi ya makolo akalekale a ku Ulaya, yomwe idabisala pomwe matchalitchi ankatentha afiti.

Mbiri yolembedwa ikunena zina.

Nkhaniyi imafika kwa Gerald Gardner, Mngelezi yemwe adagwira ntchito m'minda ya tiyi ndi mphira komanso m'boma la atsamunda ku Asia, n'kubwerera kwawo mu 1936. Iye ankati mu 1939 adalowetsedwa m'kagulu kachinsinsi ka afiti ku New Forest, kum'mwera kwa England.

Nthawi imeneyo sakadalankhula poyera. Lamulo la ufiti la mu 1735 lidali likugwirabe ntchito, ndipo mu 1944 mayi wina woitana mizimu, Helen Duncan, adamangidwa nalo. Lamuloli litachotsedwa mu 1951, Gardner adatulukira. Mu 1954 adasindikiza buku lotchedwa Witchcraft Today, ndipo chipembedzo chomwe lero chimatchedwa Wicca chidayamba kudziwika.

Gardner sadayambe yekha zonse. Adatola apa ndi apo. Ganizo loti afiti a ku Ulaya adali otsalira a chipembedzo chakale adalitenga kwa Margaret Murray, yemwe adalemba zimenezi mu 1921, ndipo akatswiri a mbiri adadzalikana pambuyo pake. Fanizo la mulungu wamkazi wa mwezi wa nkhope zitatu lidatchuka ndi mlakatuli Robert Graves m'buku lake la mu 1948, The White Goddess. Mapemphero ambiri adawakonza bwino ndi Doreen Valiente, yemwe adalowa m'gulu la Gardner mu 1953.

Mwambo wawo waukulu adautcha "kutsitsa mwezi". Wansembe wamwamuna amaitana mulungu wamkazi kuti alowe mwa wansembe wamkazi, ndipo mayiyo amalankhula m'malo mwa mulunguyo. Dzinali lidachokera ku nthano za Agiriki ndi Aroma, omwe ankati akazi a ku Thessaly ankatha kukoka mwezi kuuchotsa kumwamba.

Mphunzitsi wa mbiri pa yunivesite ya Bristol, Ronald Hutton, adafufuza zonsezi m'buku la mu 1999, The Triumph of the Moon. Zomwe adapeza nzoti zidutswa zake zina nzakaledi, koma chosokedwacho nchatsopano. Iye amati ichi ndi chipembedzo chokhacho chomwe England adapereka kudziko lonse.

Chidawoloka nyanja kupita ku America, komwe omenyera ufulu wa amayi adachilandira ndi manja awiri. Mu 1979 mudatuluka mabuku awiri omwe adachifalitsa kwambiri, la Starhawk ndi la mtolankhani Margot Adler. Mu 1988 Scott Cunningham adalemba loti munthu atha kupembedza yekha kunyumba, osadikira gulu loti limulowetse.

Chitseko chomwe TikTok idadzera chidatsegulidwa pamenepo.

Pa kalembera wa mu 2021 ku England ndi Wales, anthu pafupifupi 74,000 adalemba kuti ndi a chipembedzo cha chikunja chamakono, kuchoka pa 57,000 mu 2011. Enanso 13,000 adalemba Wicca. Ndi ochepa poyerekeza ndi Akhristu kapena Asilamu, koma ndi chiwerengero chomwe chikukwera m'dziko lomwe matchalitchi ambiri akutsekedwa.

Dzuwa lili ndi tsiku lake

Mwezi ndi wa m'chipinda, wa munthu payekha. Dzuwa ndi la chikhamu.

Pa 21 Juni, kapena tsiku loyandikira, msewu wopita ku Stonehenge m'chigawo cha Wiltshire umadzaza usiku wonse. Anthu amayenda wapansi kuchoka koimika magalimoto, atafunda mabulangete, ena atavala nkhata zamaluwa kumutu, ena mikanjo yoyera, ena nyanga za gwape. Udzu umakhala wonyowa ndi mame. Ng'oma sizileka.

Miyala italiitali ya pamalopo, yomwe idaimikidwa zaka pafupifupi 4,500 zapitazo, masiku ambiri amaitchingira ndi chingwe. Usiku umenewu chingwe amachotsa. Anthu amaigwira, amaitsamira, ena amaika chipumi pamwala n'kutseka maso.

Ikatsala pang'ono kukwana 5 koloko m'mawa, kum'mawa kumafiira. Dzuwa limatulukira cha pomwe pali mwala woima pawokha wotchedwa Heel Stone. Mfuu, mluzu, kuwomba m'manja.

Ndipo manja zikwizikwi amakwera m'mwamba, lililonse lili ndi foni.

Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseka malowa, bungwe loyang'anira la English Heritage lidaulutsa kutuluka kwa dzuwako pa intaneti. Mchitidwewu udapitirira. Lero mtsikana wa botolo uja atha kuchita nawo mwambowu ali pabedi.

Mu Wicca, dzuwa ndi mbali ya mulungu wamwamuna, yemwe amamujambula ndi nyanga. Amati amabadwa pa 21 Disembala, usiku wautali kuposa wonse, amakula m'nyengo ya maluwa, amafika pachimake mu Juni, kenako amafooka n'kufa nthawi yokolola kuti adzabadwenso. Ulendo umenewu adaugawa m'zikondwerero zisanu ndi zitatu, monga Beltane pa 1 Meyi ndi Samhain pa 31 Okutobala. Maina ena a zikondwererozi, monga Mabon ndi Litha, amamveka achikale, koma adawaikapo ndi Aidan Kelly wa ku America m'zaka za m'ma 1970.

Munthu yemwe adakhalako ku Britain amvetsa chifukwa chomwe dzuwa lingasandukire mulungu kumeneko. Mu Disembala ku London kumawala maola osakwana asanu ndi atatu. Umapita kuntchito kuli mdima, umaweruka kuli mdima. Mu Juni kumawala maola oposa 16. Kubwerera kwa dzuwa kumeneko ndi nkhani yomwe thupi limaimva.

Komabe pa WitchTok dzuwa limatsalira. Alipo omwe amapanga madzi a dzuwa, oti amapatsa mphamvu ndi kulimba mtima. Pa makadi oombezera a tarot, omwe otchuka ake adawajambula Pamela Colman Smith mu 1909, khadi la 18 ndi Mwezi, la maloto ndi chinyengo, pomwe la 19 ndi Dzuwa, la chimwemwe ndi chipambano. Koma chithunzi chomwe chimagulitsa ndi cha usiku. Kandulo siioneka bwino masana.

Chimene ambiri amaphunzitsa ngati lamulo la chilengedwe, choti mwezi ndi wamkazi ndipo dzuwa ndi lamwamuna, si cha dziko lonse. Ku Japan dzuwa ndi mulungu wamkazi, Amaterasu. Kwa anthu akale a ku Scandinavia, Sól, dzuwa, ndi mkazi, ndipo Máni, mwezi, ndi mchimwene wake. Ku Iguputo mulungu wa mwezi Khonsu ndi mwamuna. Ngakhale kwathu konkuno, nthano ya Anyanja yomwe adailemba Alice Werner imati mwezi ndi bambo wamitala. Mkazi wake wa kumadzulo, Puikani, amamudyetsa bwino mpaka kunenepa, pomwe wa kum'mawa, Chekechani, amamumana mpaka kuwonda.

Tsiku lomwe adalodza mwezi

Mu Julayi 2020 padabuka mkangano womwe udafika mpaka m'nyuzipepala zikuluzikulu za ku America ndi Britain. Mphekesera idamveka yoti kagulu ka afiti ongoyamba kumene, omwe anzawo amawatcha makanda, katemberera mwezi.

Kwa munthu wapadera, nkhani yoseketsa. Kwa eni ake sidali choncho.

Ena adakwiya kwenikweni. Ankati mwezi ndi wa mulungu wamkazi wa Agiriki, Artemis, ndipo mlongo wake Apollo, mulungu wa dzuwa ndi machiritso, sangasekerere chipongwe chotere pakati pa mliri. Achikulire m'chipembedzochi adadandaula kuti ana akuphunzira miyambo pa makanema a mphindi imodzi, popanda wowalangiza.

Dandaulo limenelo lili ndi mfundo. M'masiku a Gardner munthu ankaphunzitsidwa nthawi yaitali asanalowetsedwe. Lero mphunzitsi ndi yemwe ali ndi omutsatira ambiri. Akanena kuti usapange madzi a mwezi pa kadamsana chifukwa mphamvu zake nzosokonekera, pofika mawa lakhala lamulo. Wina akatsutsa, wayambitsa nkhondo.

Mwezi udalowanso m'ndale. Pa 24 Febuluwale 2017, pakati pa usiku, anthu ambiri ku America adachita mwambo "womanga" Donald Trump kuti asavulaze anthu. Wolemba mwambowu, Michael Hughes, adasankha dala usiku wa mwezi wotha, nthawi yothamangitsa ija, ndipo adapempha kuti uzibwerezedwa mwezi uliwonse. Woimba Lana Del Rey adavomera kuti adachita nawo. Trump adamaliza zaka zake zinayi, ndipo adadzawinanso mu 2024.

Mwezi ngwaulere, zotsalazo ayi

Lowani m'sitolo ina iliyonse ya zinthu zoterezi ku Glastonbury kapena ku London. Fungo la lubani limakulonjerani pakhomo. M'timabasiketi muli timiyala, kalikonse ndi kapepala kake: aka nkachikondi, aka nkandalama, aka nkatulo. Mwala wa moonstone amauika pafupi ndi wa sunstone, kuti wogula atenge yonse iwiri, mkazi ndi mwamuna.

Makampani akuluakulu adanunkhiza ndalama. Mu 2018 sitolo za zodzoladzola za Sephora zidakonza zogulitsa bokosi la "mfiti yongoyamba" pa madola 42. Anthu adakwiya, makamaka chifukwa mudali masamba omwe eni nthaka a ku America amawalemekeza m'miyambo yawo, ndipo bokosilo silidafikenso pamsika. Misika ya pa intaneti ya eBay mu 2012 ndi Etsy mu 2015 idaletsa kugulitsa matsenga, koma ogulitsa adapeza njira: amagulitsa chithunzi cha kandulo kapena kalata, n'kulemba kuti nzongosangalatsa.

Chomwe sichioneka pa kanema ndi dzenje lomwe mwalawo udachokera. Mu 2019 nyuzipepala ya The Guardian idatsatira miyala yotere mpaka ku Madagascar. Idapeza anthu akukumba ndi manja m'maenje ogumuka, ana ali momwemo, malipiro ake osagula ndi chakudya chokwanira. Mwala wofiirira wa rose quartz, womwe amautcha wachikondi, umakumbidwanso kwathu ku Mzimba. Yemwe adaona momwe okumba miyala ang'onoang'ono amagulitsira katundu wawo motchipa kwa mavenda sangaone kamwala ka mapaundi asanu mu sitolo ya ku London osaganiza za msana womwe udakatulutsa.

Nanga mwezi umachitadi kanthu pa madzi a m'botolo?

Kuwala kwa mwezi ndi kuwala kwa dzuwa komwe kwangonjanja, ndipo nkofooka kuposa kwa masana maulendo pafupifupi 400,000. Mphamvu yomwe imakoka nyanja zikuluzikulu ilibe chomwe ingasinthe mu botolo la jamu. Mu 1985 akatswiri awiri, James Rotton ndi Ivan Kelly, adaunika kafukufuku 37 wofuna kuona ngati mwezi wathunthu umachulukitsa misala kapena umbanda. Sadapeze umboni.

Pa tulo pokha mpomwe pali kanthu. Kafukufuku wa mu 2021, yemwe adachitika pakati pa anthu a mtundu wa Toba ku Argentina ndi ophunzira a ku Seattle, adapeza kuti masiku oyandikira mwezi wathunthu anthu amagona mochedwa ndiponso pang'ono. Aliyense yemwe adakulira kumudzi kopanda magetsi, n'kumasewera pabwalo mwezi ukuwala mpaka amayi kuitana, sangadabwe.

Choopsa chenicheni chili pafupi. Ena amaponya miyala m'madzi omwe akufuna kumwa, chonsecho miyala ina imasungunuka ndipo ina, monga malachite, ili ndi kopa. Choposa apo ndi munthu wodwala nkhawa yemwe wasiya kupita kuchipatala chifukwa wayatsa kandulo.

Koma kunena zoona, ambiri omwe amachita zimenezi safuna kusintha madzi. Akufuna usiku umodzi pamwezi woti akhale pansi, azimitse magetsi, adzifunse chomwe chikuwapweteka. WitchTok idakula kwambiri mu 2020, achinyamata atatsekeredwa m'nyumba, ntchito zitatha, maliro ali ponseponse. Mwezi udali chinthu chimodzi chomwe chinkabwerabe pa nthawi yake. Chosowa chimenecho nchenicheni, ndipo sichoyenera kuchiseka.

Zikafika kum'mwera

Zizindikirozi zidasokedwa poyang'ana thambo la ku England, ndipo zikaoloka kubwera kuno zimatembenuka. Kamwezi kokula komwe ku London kamawala mbali ya kumanja, ku Cape Town kamawala kumanzere. Kwathu kuno nthawi zambiri kamagona chagada, nyanga zili m'mwamba. Pa 21 Juni, pomwe ku Stonehenge akuvinira dzuwa, ku Blantyre kuli chiperoni. Ndipo ku Lilongwe tsiku lalitali ndi lalifupi sasiyana ndi maola awiri omwe.

A Wicca a ku Australia ndi South Africa adachita kutembenuza kalendala yonse ndi miyezi isanu ndi umodzi.

Koma vuto lalikulu si la kalendala.

Ku South Africa, bungwe la South African Pagan Rights Alliance, lomwe lidayamba mu 2004, lakhala likulimbana ndi lamulo la mu 1957 loletsa ufiti, ponena kuti limawaphwanyira ufulu wachipembedzo. Bungwe lomwelo limachitanso kampeni yodzudzula kusaka ndi kupha anthu oganiziridwa ufiti. Likudziwa kuti m'dziko limodzimodzilo wina amavala mkanda wa miyezi itatu kupita nawo kuofesi, pomwe wina akumuotchera nyumba.

Ku Ulaya, zaka mazana angapo zapitazo, nkhanza zimenezi zidapha anthu pakati pa 40,000 ndi 60,000, ambiri mwa iwo amayi. Pa 8 Malichi 2022 mtsogoleri wa Scotland pa nthawiyo, Nicola Sturgeon, adapepesa poyera chifukwa cha anthu pafupifupi 2,500 omwe adaphedwa kumeneko. Afiti a pa TikTok amakonda kudzitcha zidzukulu za amayi amenewo. Kwa iwo moto udazima kalekale.

Kwathu sunazime.

Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, agogo anayi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo powaganizira ufiti, mphenzi itapha mtsikana. Chaka ndi chaka bungwe loona za anthu achikulire la MANEPO limatulutsa malipoti a agogo omenyedwa, othamangitsidwa ndi ophedwa pa mlandu womwewu. Kafukufuku wa Afrobarometer yemwe adatuluka mu 2022 adapeza kuti Amalawi 74 mwa 100 alionse amakhulupirira kwambiri kuti ufiti ulipo. Mu Julayi 2021 nthambi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu idachita kukhazikitsa chigamulo chodzudzula nkhanza zochokera ku kunenerana ufiti.

Nkhalamba yomwe pa mkanda uja ndi chizindikiro cha nzeru, ku Neno adaikhapa.

Agogo amenewo sadayatsepo kandulo kwa mwezi. Sadadzitchepo dzina lililonse. Adangokalamba, ali osauka, pamudzi pomwe padagwa maliro.

Makanema a WitchTok safuna chiphaso kuti alowe m'dziko. Mwana wa ku Area 25 kapena ku Ndirande yemwe ali ndi bandulo amawaona, ndipo mwana wa Mmalawi yemwe akukulira ku Leeds kapena ku Johannesburg ali ndi anzake a m'kalasi omwe amachita zimenezi. Tsiku lina kholo lidzapeza botolo pazenera, kapena chithunzi cha miyezi itatu pa foni ya mwana.

Kholo limenelo lili ndi ufulu wonse wokana zimenezi pakhomo pake, malinga ndi chikhulupiriro chake. Koma liyambe lamukhazika pansi mwanayo n'kumufunsa komwe adaziona ndi chomwe chikumusowetsa mtendere. Lisathamangire kwa mneneri kapena kwa sing'anga woti akamuloze chala, ndipo lisalole kuti wina anene kuti adamuphunzitsa ndi agogo ake. Lamulo la ufiti la mu 1911 likugwirabe ntchito m'Malawi, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu woti munthu apite nawo kundende.